ZIMBALE ZITATU ZOSAKALAMBA

Lero ndifuna tikambirane za mtundu wina wa nyimbo umene sumveka kaŵirikaŵiri m'makomo mwathu, ndiwo umene eni ake amautcha indie rock. Ndasankha zimbale zitatu zimene ndimazikonda koposa zonse za mtundu umenewu, ndipo ndifuna tithandizane kuyankha funso ili: kodi n'chiyani chimachititsa kuti chimbale china chikhalebe ndi moyo patapita zaka makumi anayi, pamene china chimene chinagulidwa ngati zitumbuwa chimaiŵalika chaka chisanathe?

Tiyambe ndi dzinalo. Indie ndi chidule cha liwu la Chingerezi lotanthauza kuima pawekha. Poyamba liwuli silinali kunena za kamvekedwe ka nyimbo ayi, koma za amene watulutsa chimbale. Kale m'dziko la Britain woimba wofuna kumveka anayenera kugwadira makampani akuluakulu monga EMI ndi Decca, ndipo makampaniwo ndiwo ankalamula nyimbo yoyenera kujambulidwa. Tsono anyamata a gulu la Buzzcocks a mu mzinda wa Manchester anabwereka mapaundi 500 kwa abale ndi anzawo, najambula nyimbo zinayi pa kachimbale kotchedwa Spiral Scratch, nayamba kukagulitsa okha m'mwezi wa Januwale 1977. Anayamba ndi timbale 1,000, koma potsiriza anagulitsa pafupifupi 16,000. Achinyamata ena ataona zimenezi anazindikira kuti khomo linali losakhoma. Makampani ang'onoang'ono monga Rough Trade ya ku London ndi Factory ya ku Manchester anabadwa m'chaka cha 1978, ndipo pofika 1980 zimbale za makampani otere zinali ndi mndandanda wakewake woonetsa zimene zikugulidwa kwambiri.

Chimbale changa choyamba ndi Unknown Pleasures, cha gulu la Joy Division, chimene kampani ya Factory inatulutsa m'mwezi wa Juni 1979. Pa chikuto chake palibe dzina la gulu kapena nkhope ya munthu. Pali mizere yoyera yokha pa pepala lakuda, ndipo mizereyo ndi chithunzi cha mafunde ochokera ku nyenyezi ina yakutali imene akatswiri anaitcha CP 1919. Kampani yaikulu sikanalola chikuto chotere, pakuti wogula adziŵa bwanji chimene akugula?

Mukachimvera, tcherani khutu ku gitala ya besi. M'magulu ambiri besi amakhala kumbuyo ngati mzati wa nyumba, koma Peter Hook anali kumuimba mokweza, kotero kuti besi ndiye amatsogolera nyimbo. Wojambula wake, Martin Hannett, anasiya mpata waukulu pakati pa ng'oma ndi magitala, naonjezamo phokoso la galasi losweka ndi la chikepe cha m'nyumba zosanja. Ena mwa oimbawo poyamba anadandaula kuti waziziritsa nyimbo zawo, koma kuzizira kumeneko ndiko kumandigwira mtima. Ukamvera umakhala ngati ukuyenda wekha usiku pakati pa mafakitale otsekedwa.

Mtsogoleri wa nyimbo, Ian Curtis, anali kudwala khunyu. Nyimbo ya "She's Lost Control" anaipeka pokumbukira mtsikana wodwala nthenda yomweyo amene anakumana naye ku ofesi yothandiza olumala kupeza ntchito, kumene iye ankagwira ntchito. Kwathu kuno tidziŵa m'mene wodwala khunyu amasalidwira, mpaka ena kuopa kumukhudza akagwa, ngakhale kuti nthendayi siyopatsirana. Nyimbo imeneyi simupempha chifundo, ingokuonetsani mantha a munthu amene thupi lake lamuukira. Curtis anadzipha m'mwezi wa Meyi 1980 ali ndi zaka 23 zokha, ndipo anzake atatu otsalawo anapitiriza kuimba ndi dzina lakuti New Order. Chitangotuluka, chimbalechi sichinaloŵe n'komwe m'ndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri, koma lero mizere yoyera ija imavalidwa pa malaya m'maiko ambiri, ndipo besi wotsogolera nyimbo uja anatengeredwa ndi magulu osaŵerengeka.

Pa chimbale chachiŵiri tiwoloke nyanja yamchere tipite ku Boston, m'dziko la America. Kumeneko kunali gulu la anthu anayi lotchedwa Pixies, limene m'mwezi wa Epulo 1989 linatulutsa Doolittle kudzera ku kampani yaing'ono ya ku London, ya 4AD. Muli nyimbo 15, koma zonse pamodzi sizikwana mphindi 40. Ife amene timagwira ntchito ndi nthaŵi ya pa wailesi timadziŵa kuvuta kwake kwa kunena chinthu mwachidule, choncho ndimalemekeza oimba amene amamaliza nkhani yonse m'mphindi ziŵiri ndi kusiya.

Luso lawo lalikulu linali kusinthanitsa kunong'ona ndi kufuula. Ndime imayamba ndi besi wa Kim Deal ndi ng'oma zokha, woimba Black Francis akulankhula motsitsa, kenaka mwadzidzidzi magitala onse amagwa ngati mvula ya matalala pa denga la malata, ndipo posakhalitsa kumakhalanso bata. Alaliki athu aluso amaidziŵa njira imeneyi: mawu ofuula amalasa mtima pokhapokha atatsogozedwa ndi mawu ofatsa. Nkhani za m'nyimbozo zina si zachilendo kwa ife. Nyimbo ya "Gouge Away" yachokera pa nkhani ya Samsoni ndi Delila, ya "Dead" pa nkhani ya Davide ndi Bateseba, ndipo ya "Monkey Gone to Heaven" inena za m'mene anthu aipitsira nyanja ndi mlengalenga.

Kwawo ku America a Pixies sanatchuke msanga. Ku Britain chimbalechi chinafika pa nambala 8, koma kwawo chinatenga zaka zisanu ndi chimodzi, kufikira 1995, kuti chigulidwe zimbale 500,000, pamene gululo linali litapasuka kale m'chaka cha 1993. Komabe mbewu inali itagwera pa nthaka yabwino. Kurt Cobain wa gulu la Nirvana anavomera poyera m'chaka cha 1994 kuti popeka nyimbo yake yotchuka ya "Smells Like Teen Spirit" anali kuyesa kutsanzira a Pixies. Motero anthu mamiliyoni amene sanamvepo dzina la Doolittle anavina kamangidwe kake osadziŵa. Gululo litagwirizananso m'chaka cha 2004, linapeza makamu aakulu kuposa amene linawasiya.

Chimbale chachitatu ndi Funeral, dzina lotanthauza maliro, cha gulu la Arcade Fire la mu mzinda wa Montreal ku Canada. Chinatuluka m'mwezi wa Sepitembala 2004 kudzera ku Merge, kampani imene oimba aŵiri anaiyambitsa ku North Carolina m'chaka cha 1989. Anachitcha dzina limeneli chifukwa pa nthaŵi imene chinali kukonzedwa ena mwa oimbawo anaferedwa: wina agogo ake aakazi, aŵiri apachibale agogo awo aamuna, winanso azakhali ake.

Munthu angayembekeze nyimbo za chisoni chokhachokha, koma si m'mene ziliri. Pamwamba pa magitala anaika mavayolini, akodiyoni ndi timabelu, ndipo m'malo ambiri gulu lonse limaimbira pamodzi mokweza. Mu nyimbo ya "Wake Up" mbali yovomereza ilibe mawu n'komwe, ndi mfuu chabe imene aliyense angathe kuloŵamo. Pamene ndinaimva koyamba ndinakumbukira masiŵa a kwathu, pamene amayi amachezera kuimba usiku wonse kuti woferedwa asakhale yekha ndi mtembo. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo achinyamata a dziko la chisanu aŵa anatulukira nzeru yomweyo mwa njira yawoyawo. Mulinso nyimbo ya "Haiti", imene Régine Chassagne amalira dziko limene makolo ake anathaŵako m'nthaŵi ya ulamuliro wankhanza wa Duvalier. Patapita zaka zoŵerengeka, m'chaka cha 2011, gululi linalandira mphotho ya Grammy ya chimbale chopambana zonse chifukwa cha The Suburbs, likadali ndi kampani yaing'ono yomwe ija.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Zimbale zitatuzi n'zosiyana kamvekedwe, maiko ndi zaka, koma zifanana pa chinthu chimodzi: panalibe bwana woimirira kumbuyo kwa oimba kuwauza kuti khunyu, Samsoni kapena maliro si malonda. Ananena zimene zinali kuwasoŵetsa tulo, ndipo zinthu zosoŵetsa tulo sizisintha ndi mafashoni. Chimbale chopekedwa kuti chikondweretse msika wa chaka chino chimatha pamodzi ndi chakacho.

Koma tisanamizane kuti njira imeneyi ndi yofeŵa, pakuti walira mvula walira matope. Kampani ya Factory inkagaŵana phindu pakati ndi pakati ndi oimba ake, koma inagwa ndi ngongole m'chaka cha 1992. Magulu ambiri aluso anatha osamvedwa ndi wina aliyense. Amene anapulumuka, ambiri anapulumuka chifukwa panapezeka woulutsa mawu wolimba mtima. Woposa onse anali John Peel wa BBC Radio 1, amene kuyambira 1967 kufikira imfa yake m'chaka cha 2004 ankaika pa wailesi nyimbo za magulu osadziŵika. Joy Division ndi Pixies onse anajambula nyimbo za pologalamu yake.

Peel yemweyo, pamodzi ndi mnzake Andy Kershaw, ndiye anatchukitsa anansi athu a ku Zimbabwe, a Bhundu Boys, pamene chimbale chawo cha Shabini chinatuluka ku Britain m'chaka cha 1986 kudzera ku kampani yaing'ono ya DiscAfrique. Chaka chotsatira anaimba pa bwalo la Wembley potsegulira Madonna, nasaina pangano ndi kampani yaikulu ya WEA. Chimbale chimene anajambula kumeneko, True Jit, chinasalazidwa kuti chikomere makutu a Azungu, ndipo ambiri amene ankawakonda anati mchere wachoka. Nkhani ya mwana wa kwathu Esau Mwamwaya inayenda mwina. Iye ndi anzake a gulu la The Very Best anatulutsa Warm Heart of Africa m'chaka cha 2009 kudzera m'makampani ang'onoang'ono, iye akuimba m'Chicheŵa, ndipo Ezra Koenig wa gulu la indie rock la Vampire Weekend ndiye anadza kudzaimba naye nyimbo ya mutu wa chimbalecho.

Phunziro lake likhudza ife tonse. Kwa ife a pa wailesi, ndi udindo wathu kupatsa mpata nyimbo imene sinatchuke, chifukwa khutu silingakonde chimene silinamve. Kwa inu oimba achinyamata amene mukujambula nyimbo m'kachipinda ndi kompyuta yobwereka, kuchepa kwa zipangizo kusakuchititseni manyazi, pakuti a Buzzcocks anayamba ndi ngongole. Ndipo kwa inu omvera, ndikupemphani kuti mukapeza chimodzi mwa zimbale zimenezi muchimvere chonse, kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yotsiriza, kaŵiri kapena katatu musanachiweruze. Ngakhale Chingerezi chake chikupiteni, besi, ng'oma ndi mfuu zidzakuuzani nkhaniyo.