Utsi wa visoso ndi kupuma kwa nthaka ku Mafinga

Mvula ikagwa pamsana pa mapiri a Mafinga, madzi ake amagawikana pawiri. Otsikira kuzambwe amakayambitsa mtsinje wa Luangwa m'dziko la Zambia, umene umayenda makilomita oposa 700 usanathire mu Zambezi. Otsikira kuvuma amadutsa m'midzi ya ku Chisenga m'boma la Chitipa n'kulowera ku nyanja ya Malawi, kenaka mu Shire, mpaka nawonso kukafika mu Zambezi momwemo. Malire a Malawi ndi Zambia anatsata msana womwewu, ndipo nsonga ya mamita 2,339 imene ili pano ndiyo malo okwera kuposa ena onse mu Zambia. Kumbali ya Malawi boma linapatula nkhalango ya Mafinga kuti ikhale yotetezedwa, ndipo midzi yambiri ya kumunsi imamwa madzi a m'mipopi ochokera m'mitsinje ya m'phirimu, oyenda okha popanda injini.

Ikafika October, m'mbali mwa mapiriwa mumafuka utsi. Wina ndi wa moto wolusa wa osaka nyama, koma wina ndi wa ulimi umene kuno amautcha visoso, ndipo ku Zambia amati chitemene. Ntchitoyi imayamba kukazizira. Bambo amatenga nkhwangwa n'kusadza nthambi, kapena kugwetseratu mitengo, pa malo aakulu kangapo kuposa munda umene akufuna. Nthambizo zimakokedwa n'kuunjikidwa pamodzi, zimauma chilimwe chonse, ndipo mvula ikayandikira amaziyatsa. Paphulusapo amawazapo mawere.

Munthu wa m'tauni akaona zitsa zakuda amafulumira kunena kuti uwu ndi umbuli. Akulakwitsa. Dothi la m'nkhalango za miombo ndi losauka komanso lowawasa. Phulusa limathetsako kuwawasako n'kusiya chakudya cha mbewu, ndipo moto umapha njere za udzu, motero mawere amakula osafuna feteleza kapena kupalira kwambiri. Mawerewo ndi mbewu yokhulupirika: amakhala m'nkhokwe zaka zingapo osafumbwa, amapereka nsima, thobwa ndi chimera, ndipo pamsika amagulidwa bwino. Makolo ankadziwa chimene akuchita. Chinsinsi chawo chinali chakuti akalima malo kwa zaka zochepa ankawasiya zaka 20 kapena kuposerapo, mpaka zitsa zitaphukira n'kukhalanso nkhalango.

Kupuma kumeneku ndiko kunatha. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 127,000 m'boma la Chitipa; pofika 2018 anali ataposa 234,000. Malo sanakule. Nkhwangwa tsopano imabwerera pamene mitengo ikadali nthete, phulusa limachepa, mlimi amakwera m'mwamba kufuna mitengo ikuluikulu, mpaka amafika m'mphepete mwa akasupe. Mvula yoyamba ikagwa pa malo otsetsereka opanda chofunda, dothi limatsika ndi madzi n'kukakwirira pamene mipopi imatengera madzi. Mayi amene amapeza mpopi wouma m'November sanagwire nkhwangwa, koma ndiye amasenza ndowa kupita kutali.

Kuno mpingo ndi gulu limene limasonkhanitsa anthu ambiri sabata iliyonse kuposa bungwe lina lililonse. CCAP ya Sinodi ya Livingstonia, imene mizu yake inayamba ndi amishoni a mu 1875, ili ndi matchalitchi ndi masukulu m'midzi yambiri. Akatolika a ku Chitipa ali mu Dayosizi ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo ikutsogozedwa ndi Ambuye Martin Mtumbuka. Mipingo ina nayo ndi yosawerengeka. Amene amasadza nthambi Lachisanu ndi yemweyo amaimba kwaya Lamulungu.

Mawu olalikira saperewera. Genesis akuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuuyang'anira. Deuteronomo 20 akuletsa ngakhale ankhondo kudula mitengo ya zipatso ya adani awo. Levitiko 25 akulamula kuti nthaka ipume chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo akukumbutsa Aisraele kuti dziko ndi la Mulungu, iwo ndi alendo chabe. Mutu umenewu ndiwo ukukhudza Mafinga kwambiri, chifukwa ulimi wa makolo unkasunga lamulo la kupumitsa nthaka Baibulo lisanafike. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, analimbikira kuti kuvutika kwa chilengedwe ndi kuvutika kwa anthu osauka ndi nkhani imodzi.

Mfundo ya Papayi ndiyo imene alaliki ena amaiphonya. N'chapafupi kuimirira paguwa n'kutcha mlimi wa visoso wochimwa. Koma thumba la feteleza litadutsa K100,000, bambo wa ana asanu amene simunamusonyeze njira ina yodyetsera munda wake adzavomereza ulaliki wanu ndi mutu, mawa lake n'kunola nkhwangwa. Njala ilibe manyazi. Anzathu a tsidya linalo anaziona izi. Bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia litayamba ntchito yoteteza magwero a Luangwa, silinalekere pa kuletsa. Linagwira ntchito ndi midzi kufesa mitengo yachilengedwe yobzala m'mbali mwa mitsinje ndi kuphunzitsa ulimi wa njuchi, kuti mtengo woimirira ubweretse ndalama.

Ndipo mpingo uyambe wadziyang'ana wokha. Matchalitchi ambiri a kumudzi, nyumba za abusa ndi midadada ya sukulu zinamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu yambiri. Malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zoterezi pa zomanga za boma ndi zamalonda, koma komiti ya chitukuko cha pa mpingo ikadali kuona kuumba ndi kuotcha ngati umboni wa kudzipereka. Msonkhano waukulu wa masiku atatu umaphikidwa pa mafuwa atatu, nkhuni zochokera m'phiri. Mpingo wokhala ndi kankhalango kake, wophikira pa chitetezo mbaula, womanga ndi njerwa zotsindira zosaotcha, ukhoza kulankhula za mitengo anthu osayang'anana.

Njira zodyetsera nthaka popanda moto zilipo, ndipo zina zinatulukira kwa anthu a chikhulupiriro. Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1980, mlimi wina dzina lake Brian Oldreive anayamba kulima osatembenuza dothi, akuphimba munda ndi mapesi ndi udzu, atalingalira momwe Mulungu amafunditsira nthaka ya m'nkhalango ndi masamba. Chiphunzitso chake chinakhala Foundations for Farming, ndipo chimagwirizana ndi ulimi wa mlerathaka umene alangizi amaphunzitsa kuno. Ku Niger, mmishoni Tony Rinaudo atatopa ndi mbande zimene zinkangofa, mu 1983 anazindikira kuti zitsamba za m'minda zinali mphukira za zitsa zamoyo. Alimi anayamba kusankha mphukira zolimba zingapo pa chitsa, kudulira zotsalazo ndi kuziteteza ku moto ndi mbuzi, ndipo mahekitala mamiliyoni anabiriwiranso. Miombo ya ku Mafinga imaphukira bwino chimodzimodzi. Chitsa cha msuku kapena mtondo chili kale ndi mizu yozama. Chimangofuna chikwanje cha munthu wodziwa kudulira ndi zaka zingapo zopanda moto. Pamodzi ndi mitengoyo pamabwerera masuku, bowa ndi uchi.

Palinso manyowa a Mbeya, amene dzina lake linachokera kwa anansi athu a ku Tanzania. Amayi amasefa ndowe zouma za mbuzi kapena nkhuku, n'kusakaniza ndi madeya, phulusa la kukhitchini ndi feteleza pang'ono. Amawaza madzi mpaka chosakanizacho chizigwirana m'manja koma chisadonthe, amachithira m'thumba lokhala ndi pepala la pulasitiki mkati, amamanga zolimba, n'kudikira masiku 21. Thumba limodzi la feteleza limatulutsa matumba angapo. Ntchito imeneyi ikuyenera amayi a Umanyano kapena Akhristu a m'mphakati, chifukwa amakumana kale sabata iliyonse ndipo amakhulupirirana pa nkhani ya ndalama.

Nkhalango imathanso kudzera m'nkhokwe. Chitipa amakolola chimanga chambiri, koma mavenda amafika ndi masikelo chikangouma, mtengo uli pansi, ndipo china chimawoloka malire. Chotsala, ngati sichinasungidwe m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, anankafumbwe amachisandutsa ufa. Banja limene chakudya chalithera mu January limakonzeka kudula malo aakulu chaka chotsatira. Yesu atadyetsa anthu 5,000 analamula ophunzira ake kutola makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Zopereka za masika, zimene ku Livingstonia amati vuna, zimadzaza kutsogolo kwa tchalitchi ndi matumba a chimanga, nyemba ndi mawere. Gawo lake litasungidwa bwino m'malo mogulitsidwa lonse nthawi yomweyo, likhoza kubwerekedwa kwa mabanja m'miyezi ya njala, iwo n'kudzabweza pokolola.

Kalendala nayo ikufuna kuiganizira. Nyengo ya boma yobzala mitengo imayamba pa 15 December kufika pa 15 April, ndipo apa ndi pamene mipingo imatuluka ndi mbande ndi makasu. Nyengo ya Chilengedwe imene mipingo yambiri padziko lapansi imakumbukira imayamba pa 1 September kulekeza pa 4 October, nthambi zitadulidwa kale, zikungodikira machesi. Ku Mafinga munthu amasankha malo odula cha m'June ndi July. Abusa, ansembe, akulu a mpingo, mafumu ndi alangizi a zankhalango akafuna kugwirizana za mtunda umene nkhwangwa isadutse kuchokera pa kasupe, ndiponso za mabanja amene athandizidwe kupanga manyowa chaka chimenecho, msonkhano wake uchitike mu May, anthu akukolola.