Gitala wanu akungolira chimodzimodzi? Yesani augmented

Pitani ku ukwati kapena kumapemphero a achinyamata ku Mvera, mupeza anyamata odziwa kukhwatcha gitala. Koma mukatchera khutu, ambiri akungozungulira pa C, F ndi G basi. Nyimbo zisanu, kalilidwe kamodzi. N'chifukwa chake woimba kiyibodi akangofika, wagitala amakankhidwira kumbuyo, ndipo akamagawana ya sopo iye amalandira zotsalira.

Derali ndi nyimbo sanadziwane lero. Mishoni ya Mvera, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, inakhazikitsidwa mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo makwaya amene amaphunzira nyimbo ndi do-re-mi ali kale ndi poyambira. Chord wamba ndi do-mi-so. Mukakweza so pang'ono kukhala se, mwapanga augmented. Mukiyi ya C, manotsi ake ndi C, E ndi G#. Arpeggio ndiye kuwaliza limodzilimodzi m'malo mokhwatcha onse pamodzi.

Zala muike motere: chala cha mphete pa fureti 3 ya nsambo yachisanu, chapakati pa fureti 2 ya nsambo yachinayi, ndipo chamkombaphala chigone pa fureti 1 ya nsambo yachitatu ndi yachiwiri. Lizani kuchokera ku nsambo yonenepa, mumva C, E, G#, C. Kenako bwererani.

Chosangalatsa n'chakuti manotsiwa ndi otalikirana mofanana, mafureti anayi anayi. Mukatsetsereka ndi zala zomwezo kuchoka pa fureti 3 kupita pa 7, kenako pa 11, manotsi ndi omwewo, angosinthana malo. Ndiye kuti pagitala yense pali ma augmented anayi okha. Kagwiridwe kamodzi, makiyi onse 12 mwathana nawo.

Nanga amalowa pati? Phokoso lake limamveka ngati funso lofuna yankho, choncho ndi mlatho, si pokhala. Pochoka pa C kupita pa F kapena Am, mulowetseni pakati: G akwera kukhala G#, kenako akafikira pa A. Kuti mumve chitsanzo, sakani pa YouTube nyimbo ya The Beatles ya mu 1969 yotchedwa "Oh! Darling"; chord yoyambirira yeniyeniyo ndi augmented.

Koma chenjerani. Mchere ukachuluka ndiwo zimatayidwa. Kwaya ikakhala ikukoka so inu n'kuliza se, mawu aombana ndipo amayi a Chigwirizano akucheukirani. Muikeni pomwe oimba akupuma, pakati pa mzere ndi mzere, ndipo gwirizanani kaye ndi wotsogolera kwaya pa pulakatisi.

Yambani pang'onopang'ono, mphindi 10 patsiku, ndi metronome ya pafoni. Dzijambuleni n'kumvetsera ngati notsi iliyonse ikumveka mbee. Ikatsamwa, sendezani chala pafupi ndi kachitsulo ka fureti. Liwiro libwera lokha zala zikazolowera.