Mzere wowongoka kapena bwalo lamakona: mwini galimoto yaliwiro asankhe kuti?

Munthu akagula galimoto yaliwiro monga Porsche 911, Ford Mustang, Subaru WRX kapena Mazda MX-5, sachedwa kuzindikira kuti mphamvu zomwe walipira sangazitulutse zonse pamsewu wamba. Malamulo amamuletsa, komanso mumsewu mumayenda anthu apansi, apanjinga ndi ana asukulu. M'mayiko omwe ali ndi mabwalo a mipikisano ya magalimoto, munthu wotere ali ndi njira ziwiri zoyesera galimoto yake popanda kuika miyoyo ya ena pachiswe. Yoyamba ndi drag racing, pomwe magalimoto awiri amathamangitsana pamzere wowongoka. Yachiwiri ndi kuyendetsa pabwalo lozungulira lamakona ambiri, lomwe ku America amalitcha road course.

Ambirife timangoziona pa YouTube ndi m'mafilimu, ndiye timayesa ndi masewera amodzi. Koma awiriwa amayesa zinthu zosiyana, amawononga ziwalo zosiyana za galimoto, ndipo amafuna luso losiyana. Wosankha asanamvetse kusiyanaku amakalipira kwa makaniko.

Mamita 402 ndi masekondi ochepa

Drag racing inakulira ku California. Anyamata okonda liwiro ankathamangitsana m'misewu, ndipo mu 1950 mipikisano yokonzedwa bwino inayamba kuchitikira pabwalo la ndege ku Santa Ana. Mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la NHRA ndi cholinga chochotsa mipikisanoyi m'misewu ya anthu n'kuipatsa malamulo. Masewerawa anafalikira: ku England kuli Santa Pod, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ndipo ku South Africa kuli Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp.

Mtunda wake ndi kota ya mailosi imodzi, yomwe ndi mamita 402. Magalimoto awiri amaima moyandikana kutsogolo kwa mtengo wa magetsi womwe amautcha Christmas tree. Magetsi atatu achikasu amayaka, kenako lobiriwira. Wonyamuka lobiriwira lisanayake amayatsa lofiira, ndipo waluza asanayende n'komwe. Paja akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pano mawuwa ndi lamulo lenileni.

Pali mfundo ina yomwe oonera ambiri saidziwa. Wotchi ya galimoto iliyonse siyamba kuwerenga lobiriwira likayaka. Imayamba tayala lakutsogolo likachoka pamzere woyambira. Choncho galimoto yothamanga masekondi 12.5 ikhoza kugonja kwa ya masekondi 12.7 ngati dalaivala wake anazengereza ponyamuka. Pamapeto aliyense amalandira kapepala kosonyeza mmene anachedwera kunyamuka, nthawi ya mamita 18 oyambirira, nthawi ya pakati, ya mtunda wonse, ndi liwiro lomwe anamalizira. Odziwa amayang'anitsitsa nambala ya mamita 18 aja, chifukwa matayala akaterereka pamenepo, zomwe zatayika sizibwezedwanso kutsogolo.

Pamwamba pa masewerawa pali magalimoto a Top Fuel, omwe amayendera mafuta a nitromethane ndipo amapitirira makilomita 530 pa ola m'masekondi osakwana 4. Kuyambira mu 2008, Scott Kalitta atamwalira pangozi ku Englishtown, New Jersey, NHRA inafupikitsa mtunda wa magalimoto amphamvu kwambiriwa kufika pa mamita 305. Koma wa galimoto wamba safunika kulimbana ndi zimphonazi. Mu mpikisano wotchedwa bracket racing, aliyense amaneneratu nthawi yomwe athamange. Wonena masekondi 15 akakumana ndi wonena 12, amanyamuka masekondi 3 mnzake asanayambe, ndipo wothamanga kuposa nthawi yomwe ananena amaluza. Apa amapambana wosasinthasintha, osati wolemera.

Bwalo lamakona

Bwalo lamakona ndi msewu wotsekedwa wozungulira, wokhala ndi makona akumanja ndi akumanzere, zitunda ndi zotsetsereka. Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, inatsegulidwa mu 1961 ndipo lero ndi yotalika makilomita 4.5, ili ndi makona 16. Mpikisano wa Formula One unachitikirapo komaliza mu 1993. Ku Germany kuli Nürburgring Nordschleife ya mu 1927, yotalika makilomita 20.8, komwe pamasiku ena munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto yake. Ku California kuli Laguna Seca, yomwe kona yake yotchuka ya Corkscrew imatsika pafupifupi mamita 18 mwadzidzidzi.

Eni magalimoto ambiri sapita kumabwalowa kukapikisana. Amapita pa tsiku lotchedwa track day, pomwe amagawidwa m'magulu malinga ndi luso lawo, n'kumayendetsa mphindi pafupifupi 20 paulendo uliwonse. Woyamba kumene nthawi zambiri amakhala ndi mphunzitsi pampando wa pambali. Kupitirira mnzako kumaloledwa m'malo osankhidwa okha, ndipo m'magulu ambiri wakutsogolo amayamba waloza ndi dzanja mbali yoti umudutsire. Mbendera ndizo zimalankhula: yachikasu ikutanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, yofiira ndi yoimitsa onse, yakuda ndi yoitana dalaivala kuti atuluke akamve chomwe walakwitsa.

Luso la pano ndi la makona. Dalaivala amalowa kona kuchokera kunja kwa msewu, amayandikira mkati pakatikati pa kona, n'kutulukiranso kunja, kuti njira yake ikhale yowongokerapo. Amamaliza kuponda mabuleki kwambiri asanapinde chiwongolero, chifukwa tayala lili ndi malire a mmene lingagwirire phula: likamagwira ntchito yoimitsa galimoto, mphamvu yokhotera imachepa. Amaphunziranso kuyang'ana komwe akufuna kupita, osati chomwe akuopa kugunda. Wolowa kona mothamanga kwambiri amatuluka mochedwa, ndipo kuchedwako kumamutsatira mzere wowongoka wonse wotsatira.

Tikayerekeza nthawi, kusiyana n'kwakukulu. Wothamanga maulendo 6 pamzere wowongoka, uliwonse masekondi 13, wayendetsa mwaliwiro mphindi imodzi ndi masekondi 18 tsiku lonse. Nthawi yotsalayo amakhala pamzere kudikira. Woyendetsa maulendo 4 a mphindi 20 pabwalo lamakona wakhala pachiwongolero mphindi 80. Pa Kyalami, kuzungulira ka 8 kokha ndi makona 128. Kona yomwe walakwitsa amakumana nayonso pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kuyesanso.

Chimawonongeka n'chiyani?

Pamzere wowongoka mdani wa galimoto ndi kugwedezeka kwa ponyamuka. Malo oyambira amapakidwa mankhwala omata kuti matayala agwire. Mphamvu yonse ya injini imagwera nthawi imodzi pa clutch, giyabokosi, diff ndi zitsulo zozunguza matayala. Pamsewu wamba tayala limaterereka n'kupulumutsa ziwalozi. Pamalo omata silitero, ndiye chofooka chimathyoka. Choopsa kwambiri ndi pomwe matayala ayamba kudumphadumpha ponyamuka. Zikatero wanzeru amachotsa phazi pamoto. Mabuleki, komabe, savutika kwenikweni: amapondedwa kamodzi pamapeto, pamsewu wautali woimira, n'kupuma.

Pabwalo lamakona mdani ndi kutentha. Amene tinachita Physics ku sekondale tikukumbukira kuti mphamvu ya chinthu choyenda imakwera kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Tiyerekeze galimoto ya makilogalamu 1,400 ikutsika kuchoka pa makilomita 200 kufika pa 80 pa ola. Mphamvu yomwe ikutayika ndi pafupifupi majoule 1.8 miliyoni, yokwanira kutenthetsa malita 5 a madzi ozizira mpaka kuwira, ndipo yambiri imathera m'mabuleki. Izi zimachitika m'masekondi ochepa, n'kubwerezedwa kangapo pa kuzungulira kulikonse.

Zotsatira zake n'zodziwika. Ma brake pad wamba akatentha kwambiri amasiya kugwira. Brake fluid amatha kuwira: wa DOT 3 watsopano amayenera kupirira madigiri 205 ndipo wa DOT 4 madigiri 230, koma akakhalitsa amayamwa chinyezi ndipo malirewa amatsika kufika cha pa 140 ndi 155. Akawira, dalaivala amaponda buleki n'kumva phazi likungolowa pansi. Matayala amatha msanga, makamaka m'mbali zakunja. Pamakona aatali oyilo amakankhidwira mbali imodzi pansi pa injini, ndipo m'magalimoto ena pampu imayamba kukoka mpweya. N'chifukwa chake odziwa amathira brake fluid watsopano asanapite, amayeza mpweya wa matayala akadali otentha, amazungulira komaliza pang'onopang'ono kuti zonse zizizire, ndipo akaimika galimoto sakoka handbrake mabuleki ali moto.

Galimoto iti, bwalo liti?

Magalimoto awiri akutithandiza kuona mfundoyi. Dodge Challenger SRT Demon ya 2018 ili ndi mphamvu za akavalo 840 ndipo inathamanga mamita 402 m'masekondi 9.65. Mazda MX-5, yomwe inatuluka koyamba mu 1989, yamakono yake ili ndi mphamvu zosafika akavalo 200 ndipo mtunda womwewo imatenga masekondi 14 kapena 15. Pamzere wowongoka palibe mpikisano. Koma Demon imalemera pafupifupi matani awiri, pomwe MX-5 imangopitirira pang'ono tani imodzi. Pamakona kulemera kumadya mabuleki ndi matayala, ndipo kagalimoto kopepuka kamazungulira tsiku lonse osatopa, n'kumaphunzitsa dalaivala wake malire a matayala pa liwiro lomwe kulakwitsa sikupha msanga.

Palinso kusiyana pa zomwe ndalama ingagule. Pamzere wowongoka, matayala ogwira bwino ndi injini yamphamvu zimaonekera nthawi yomweyo pakapepala kaja, ndipo galimoto ya giya yosintha yokha imanyamuka mofanana ulendo uliwonse. Luso lilipo, koma lapanikizidwa m'masekondi awiri oyamba. Pabwalo lamakona, woyamba kumene amapindula kwambiri akalipira mphunzitsi kusiyana n'kuwonjezera mphamvu ya injini. Si zachilendo kuona wa galimoto yodula akuloza dzanja kuti wa kagalimoto kakang'ono amudutse.

Ndalama ndi chitetezo

Kulowa pamzere wowongoka tsiku loyeserera kawirikawiri n'kotchipa, ndipo kukonzekera n'kochepa. Galimoto isamadonthe oyilo kapena madzi, batire ikhale yomangidwa, ndipo mabwalo ambiri amauza madalaivala kuti azimitse choziziritsira mkati chifukwa chimadonthetsa madzi pamalo oyambira. M'malamulo a NHRA, wothamanga mosakwana masekondi 14 amavala chipewa choteteza mutu, ndipo zofunika zimawonjezeka galimoto ikamafulumira. Tsiku la pabwalo lamakona limadula kwambiri: malipiro olowera, mafuta ochuluka, ma pad ndi matayala. Tinganene kuti wa pamakona amalipira pang'onopang'ono koma mosalephera, pomwe wa pamzere wowongoka akhoza kupita kangapo osawononga kanthu, tsiku lina n'kubwerera giyabokosi itasweka.

Ngozi nazo n'zosiyana. Pamzere wowongoka, galimoto ikatembenuka ponyamuka imakumana ndi khoma lomwe lili pafupi. Pabwalo lamakona mpata wolakwitsa umabwera pakona iliyonse, magalimoto ena ali pomwepo, ndipo kutopa kumachepetsa tcheru pofika madzulo. Inshulansi wamba kawirikawiri sailipira ngozi ya pabwalo la mpikisano, kaya ndi lotani, ndipo wopanga galimoto akhoza kukana kukonza mwaulere chomwe chawonongekera kumeneko. Ku Nürburgring, wogunda mpanda wa m'mbali amalipiranso mpandawo. Safunsa anadya phula: mapepala a inshulansi awerengedwe galimoto isanachoke pakhomo.

Ndiye asankhe kuti?

Yankho likuchokera pa mafunso atatu. Galimotoyo inapangidwira chiyani? Yolemera ndi yamphamvu imasangalala pamzere wowongoka. Yopepuka, ya mabuleki abwino, malo ake ndi pamakona. Mwini wake akufuna kudziwa chiyani? Ngati akufuna nambala yosatsutsika ya mphamvu ya galimoto yake, mamita 402 amupatsa madzulo amodzi. Ngati akufuna kukhala dalaivala wabwino, wodziwa kuima mwadzidzidzi ndi kumva pomwe matayala ayamba kutaya phula, mphindi 80 za pamakona zimuphunzitsa zambiri, ndipo lusolo limamuthandizanso pamsewu wa tsiku ndi tsiku. Funso lachitatu ndi lowawa: galimotoyo itawonongeka lero inshulansi n'kukana, angapirire? Ngati ndi yomwe imamufikitsa kuntchito ndipo ngongole yake sinathe, ndi bwino ayambe wakaonera ali kunja kwa mpanda.

Kwa ife kuno, komwe magalimoto amphamvu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amapezeka m'misewu, pali mfundo imodzi yofunika kuigwira. Chomwe chimachititsa masewera onse awiriwa kukhala masewera si liwiro, koma zomwe zazungulira liwirolo: msewu wotsekedwa, onse kulowera mbali imodzi, galimoto yoyesedwa isanalowe, oimika mbendera, ozimitsa moto ndi ambulansi yodikira. Awiri othamangitsana usiku pa M1 alibe chilichonse mwa izi, ndipo wapanjinga yemwe ali kutsogolo kwawo sanavomere kulowa nawo mpikisano. Vuto limeneli ndi lomwe Wally Parks ankafuna kuthetsa mu 1951, ndipo yankho lake linali kumanga mabwalo ndi kulemba malamulo.