Chalichi ca anthu amene anakanidwa mipando

Mu mzinda wa Boston ku America, pa kamsewu kochedwa Smith Court, pali nyumba ya njerwa imene dzina lake ndi African Meeting House. Lero ndi myuziyamu, ndiko kuti nyumba yosungiramo mbiri ndi zinthu zakale, koma inamangidwa ngati chalichi ca mpingo wa Baptist. Pa machalichi onse a anthu akuda amene akali ciimire m'dziko la America, ici ndico cakale kopambana.

Kuti timvetse cimene anacimangira, tiyambe ndi m'mene zinthu zinalili. Ukapolo unatha m'cigawo ca Massachusetts, kumene kuli Boston, m'caka ca 1783, koma tsankho silinathe. Munthu wakuda anali kuloledwa kulowa m'chalichi ca azungu, koma anali kumukhazika pa mipando yapadera, kumwamba kapena kumbuyo, ndipo analibe mau pa zoyendetsa mpingo. Ubatizo unali umodzi, koma mipando inali iwiri.

M'caka ca 1805, mlaliki wakuda, a Thomas Paul, anasonkhanitsa anthu pafupifupi 20 ndi kuyamba mpingo wao. Poti mutu umodzi susenza denga, anayamba kusonkha ndalama pakati pa akuda ndi azungu omwe. Nchito yonse inadya madola 7,700, ndipo pa ndalamazi a Cato Gardner, munthu wobadwira kuno ku Africa, anasonkhanitsa madola opitirira 1,500. Amisiri ambiri amene anagwira nchito ya zomanga anali anthu akuda. Chalichi anacitsegula pa 6 Disembala 1806.

Ife amene tinaumbapo njerwa za chalichi tidziwa kuti nyumba yotere siikhala ya Lamulungu lokha. Kuyambira m'caka ca 1808, cipinda ca pansi cinakhala sukulu ya ana a anthu akuda. Ana anaphunzira m'menemo kufikira 1835, pamene sukulu ya Abiel Smith inatsegulidwa pafupi pomwepo.

M'nyumba yomweyi ndimo munali kukumana anthu olimbana ndi ukapolo, umene unali ukali kupitirira kumwera kwa dzikolo. Pa 6 Januwale 1832, a William Lloyd Garrison, mzungu wolemba nyuzipepala, pamodzi ndi anzao anakhazikitsa m'menemo bungwe la New England Anti-Slavery Society, lofuna kuti akapolo onse amasulidwe mosacedwa. Mu Disembala 1860, gulu la anthu aciwawa litasokoneza msonkhano wotsutsa ukapolo pa holo ya Tremont Temple, anthu anasamukira ku chalichi ici, ndipo a Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo iwo eni, analankhula pamenepo. M'caka ca 1863, nkhondo ya paciweniweni ili mkati, amuna akuda anali kulembedwa usilikali pa malo omwewa kuti alowe gulu la 54th Massachusetts.

Nanga cinacitika n'ciani kuti mapemphero a Baptist aleke m'nyumbayi? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mabanja a anthu akuda anasamukira ku madera ena a mzindawo, monga South End ndi Roxbury. Mpingo unatsata anthu ake ndi kugulitsa nyumba. Anaigula Ayuda ocokera kum'mawa kwa Ulaya, amene anali atangofika kumene, ndipo anaisandutsa sunagoge. Apa pali cinthu coyenera kuciganizira: anthu a cipembedzo cina ndiwo anasunga makoma awa kwa zaka zambirimbiri, osawagumula.

M'caka ca 1972, bungwe losunga mbiri ya anthu akuda, limene lero lichedwa Museum of African American History, linagula nyumbayi. Caka cotsatira moto unaononga denga lake, koma bungwelo silinataye mtima. Boma la America linaika nyumbayi pa mndandanda wa malo ofunika a mbiri ya dziko m'caka ca 1974. Nchito yaikulu yokonzanso inatha mu 2011, ndipo amisiri anaibwezera m'mene inali kuonekera ca m'ma 1855.

Ena angamve cisoni kuti nyumba ya pemphero yasanduka malo oonerera alendo. Cisonico ticimvetsa. Koma mpingo ndi anthu, ndipo anthuwo atasamuka anapitiriza kupemphera kwina. Cimene cikanatayika ndi umboni. Mwana wa sukulu akalowa m'nyumbayi lero aona ndi maso ake malo amene makolo osauka anamanga pokana kunyozedwa pamaso pa Mulungu.

Nafenso tili ndi machalichi akale m'midzi mwathu, amene timawasiya tikamanga atsopano. Denga likadontha, ciswe cimalowa m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndipo maina a amene anaumba njerwa amaiwalika. Dzina la a Cato Gardner lidziwika mpaka lero cifukwa anzao analilemba pa mwala wa pakhoma. Ifenso tifunse nkhalamba zikali moyo, tilembe maina ndi zaka, ndipo tisunge mabuku pouma.