Kuphunzitsa Ana a ku Chileka ndi Lirangwe za Dziko la Scotland

Mwana wa ku Chileka amakula akuona ndege zikunyamuka pabwalo la kwawo, wa ku Lirangwe amaona mathiraki akudutsa mumsewu wa M1. Onsewa amadziwa kuti kutsidya kuli maiko, koma ambiri amangowatcha onse kuti Ulaya, ngati kuti ndi mudzi umodzi wa anthu olemera okhaokha. Ntchito ya mphunzitsi ndi kusandutsa dzina lopanda nkhopelo kukhala malo enieni, okhala ndi mapiri, nyengo ndi anthu. Kwa ana a boma la Blantyre, Scotland ndi poyambira pabwino, chifukwa dzikolo lilimo kale m'dzina la boma lawo.

Blantyre woyamba ndi tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pafupi ndi mzinda wa Glasgow. Kumeneko n'kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni kuno mu 1876 anaipatsa dzinalo pomukumbukira. Ana amadabwa akamva kuti banja la Livingstone linkakhala m'chipinda chimodzi, ndiponso kuti iyeyo anayamba ntchito pafakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mayina a mizinda oloweza pamtima, pakuti imathetsa ganizo lakuti kunja kulibe umphawi.

Pa za mapiri, mphunzitsi wa ku Chileka angoloza pazenera. Ben Nevis, phiri lalitali koposa ku Scotland, ndi la mamita 1,345, kutanthauza kuti Michiru amene anawo amamuona tsiku lililonse amaliposa pang'ono, ndipo nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, ya mamita 3,002, imaliposa kuwirikiza kawiri. Komabe pa Ben Nevis pamagwa chipale chofewa pamene pa Michiru sichigwa. Funso lakuti chifukwa chiyani ndilo mtima wa phunziro lonse.

Yankho lake silifuna zipangizo zodula. Mpira wachikulunga uimire dziko, tochi iimire dzuwa. Mwana mmodzi amange kachingwe pakati pa mpirawo kusonyeza ikweta, wina aike chizindikiro cha choko pang'ono kumunsi kwa chingwecho, ndiye Malawi, china kutali kumtunda, ndiye Scotland. Mpirawo ukapendekedwa n'kuzunguliridwa ndi kuwala, ana amaona okha kuti kuwala kumamenya Malawi molunjika koma ku Scotland kumangopsepsa. Amaonanso chifukwa chake mu Disembala, pamene ku Lirangwe anthu akupalira chimanga thukuta lili kamukamu, ku Glasgow kumazizira ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pamene mu Juni limalowa cha m'ma 10 koloko usiku.

Za chikhalidwe zimamveka msanga zikayerekezedwa ndi zakwathu. Monga kuno kuli a Banda, a Phiri ndi a Mbewe, kumeneko kuli mafuko monga a MacDonald ndi a Campbell, ndipo mawu akuti Mac amatanthauza mwana wa uje. Chovala cha amuna chonga siketi, chotchedwa kilt, amavala paukwati ndi pazikondwerero, osati tsiku ndi tsiku. Izi n'zofunika kuzinena, kuopa kuti ana angaganize kuti chithunzi cha m'buku ndiwo moyo wonse, monga mlendo angalakwire poganiza kuti Amalawi amavina Gule Wamkulu m'mawa uliwonse. Kupatula Chingerezi, ena kuzilumba za kumadzulo amalankhula Gaelic, chinenero chimene eni ake akuyesetsa kuti chisafe.

Ubale wa maiko awiriwa sunathere kwa amishoni. Mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe ankatsogolera boma la Scotland, anasainirana pangano la mgwirizano. Bungwe la Mary's Meals, lomwe limaphikira ana phala m'sukulu zambiri za kuno, likulu lake lili m'mudzi wa Dalmally ku Scotland, kumene nakonso anthu amadya phala m'mawa, kungoti lawo ndi la mbewu ya oats.