Pokémon Red ndi Pokémon Blue

Pokémon Red ndi Pokémon Blue ndi magemu a pavidiyo amene anapangidwa ndi kampani ya Game Freak ya ku Japan ndipo anafalitsidwa ndi kampani ya Nintendo. Amaseweredwa pa Game Boy, kamakina kogwira m'manja koyendera mabatire. Anatuluka koyamba ku Japan pa 27 February 1996 ndi mayina akuti Pocket Monsters Red ndi Pocket Monsters Green, ndipo ndiwo magemu oyamba a m'gulu la Pokémon. Dzina lakuti Pokémon ndi chidule cha mawu akuti Pocket Monsters, kutanthauza zilombo za m'thumba. Wosewera amatenga malo a mnyamata amene amayenda m'dziko lopeka kusaka zilombo za mitundu 151, kuziweta, kuzimenyanitsa ndiponso kusinthana ndi anzake.

Chiyambi chake

Amene anayambitsa Pokémon ndi Satoshi Tajiri, yemwe anabadwa mu 1965 ndipo anakulira ku Machida, m'mphepete mwa mzinda wa Tokyo. Ali mwana ankakonda kusaka tizilombo m'tchire ndi m'madambo, monga momwe ana a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amasakira ziwala, nkhululu ndi mafulufute. Kusiyana kwake n'kwakuti Tajiri sankasaka ndiwo: ankafuna kusunga tizilomboto ndi kudziwa mitundu yake. Mzinda utakula, tchire ndi madambo aja zinasanduka misewu ndi nyumba. Iye anafuna kuti ana a m'tauni, omwe analibenso kokasaka, alaweko chisangalalo chimenecho kudzera m'gemu.

Game Freak inayamba ngati kamagazini konena za magemu kamene Tajiri ankalemba mothandizana ndi katswiri wojambula, Ken Sugimori. Inakhala kampani yopanga magemu mu 1989, chaka chomwe Game Boy inatuluka. Kamakinaka kanali ndi sikirini yopanda mitundu, koma kanali ndi malo olowetsapo nthambo yolumikizira makina awiri. Magemu ambiri ankagwiritsa ntchito nthamboyi popikisana. Tajiri anaganiza zoti anthu azitha kupatsirana zinthu kudzera m'nthambo yomweyo, ndipo mu 1990 anapereka maganizo ake ku Nintendo pansi pa dzina lakuti Capsule Monsters.

Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 6 ndipo kampaniyo inatsala pang'ono kugwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Antchito ena anasiya, ndipo Tajiri anakhala nthawi yaitali osadzilipira. Sugimori ndiye anatsogolera ojambula zilombo, Junichi Masuda anapeka nyimbo, pamene Atsuko Nishida anajambula Pikachu. Shigeru Miyamoto wa ku Nintendo, amene anapanga Mario, ndiye analangiza kuti gemuyi ituluke m'makatiriji awiri okhala ndi zilombo zosiyana pang'ono.

Nkhani yake

Nkhaniyi imachitikira m'dera lotchedwa Kanto, lomwe linatengera dzina ndi maonekedwe a chigawo chenicheni cha Kantō ku Japan. Mnyamatayo amachokera m'mudzi wa Pallet Town. Kumeneko wasayansi wina, Professor Oak, amamuuza kuti asankhe chilombo chimodzi mwa zitatu: Bulbasaur wa mphamvu ya zomera, Charmander wa moto kapena Squirtle wa madzi. Mdzukulu wa Oak, yemwe amapikisana ndi mnyamatayo mpaka kumapeto, amasankha chilombo chimene chimaposa mphamvu cha mnzakeyo. Oak amawapatsanso Pokédex, kamakina kolemba mbiri ya chilombo chilichonse chimene chagwidwa.

Wosewera amakhala ndi zolinga ziwiri. Choyamba ndi kugonjetsa akatswiri 8 a m'matauni osiyanasiyana, kuyambira Brock ndi Misty mpaka Giovanni, kenako akatswiri anayi otchedwa Elite Four, n'kumaliza ndi mdzukulu wa Oak uja. M'njira amalimbananso ndi Team Rocket, gulu la zigawenga zimene zimaba zilombo pofuna kulemera. Cholinga chachiwiri ndi kudzaza Pokédex.

Kaseweredwe

Zilombo zakutchire zimapezeka mu udzu wautali, m'mapanga ndi m'madzi. Kuti agwire chilombo, wosewera amayamba wachifoola pochimenyanitsa ndi chake, kenako amachiponyera kampira kotchedwa Poké Ball. Akachimenya mopitirira mpaka kukomoka, sangachigwirenso. Akafulumira kuponya chisanafooke, chimatulukamo. Munthu amayenda ndi zilombo zosaposa 6, ndipo zotsalazo zimasungidwa m'kompyuta ya m'gemumo.

Nkhondo imachitika mosinthana ngati bawo, choncho chofunika ndi kuganiza osati kufulumira kwa zala. Chilombo chilichonse chimadziwa njira zomenyera zosaposa zinayi, ndipo chikafuna kuphunzira ina chimayenera kuiwala imodzi. Pali magulu 15 a mphamvu, ndipo gulu lililonse lili ndi amene limawaposa ndi amene amaliposa. Madzi amazimitsa moto, moto umatentha zomera, zomera zimaposa madzi, pamene magetsi sachita kanthu kwa chilombo cha gulu la nthaka. N'chifukwa chake amene wasankha Squirtle kapena Bulbasaur savutika ndi Brock, yemwe zilombo zake ndi za miyala, koma wosankha Charmander amakhetsa thukuta.

Chilombo chikamapambana chimakwera levulo, ndipo malire ake ndi 100. Zambiri zimasintha maonekedwe n'kukhala zamphamvu. Mwachitsanzo, Charmander amasanduka Charmeleon pa levulo 16, kenako Charizard pa levulo 36. Zina zimasintha zikapatsidwa mwala wapadera, monga Pikachu amene amasanduka Raichu. Chilombo chogonja sichifa koma chimangokomoka, ndipo chimachiritsidwa mwaulere pamalo otchedwa Pokémon Center.

Kusinthana zilombo

Gemuyi inakonzedwa mwadala kuti munthu asathe kudzaza Pokédex ali yekha. Katiriji iliyonse ili ndi mitundu 11 imene simapezeka m'inzake. Growlithe, Scyther ndi Electabuzz ali mu Red mokha, pamene Vulpix, Meowth ndi Magmar ali mu Blue. Zilombo zinayi, Kadabra, Machoke, Graveler ndi Haunter, zimasintha pokhapokha zikadutsa m'nthambo kupita kwa munthu wina. Komanso wosankha Squirtle sangapeze Charmander kutchire. Motero ana ankafunika kukumana maso ndi maso, aliyense ndi makina ake, n'kukambirana kuti wina apereka chiyani. Izi zinachititsa kuti gemuyi ifalikire kwambiri m'masukulu.

Mew

Poyamba osewera ankadziwa mitundu 150 yokha, yomalizira ndi Mewtwo. Ntchito ili pafupi kutha, wolemba mapulogalamu Shigeki Morimoto anaikamo chilombo cha nambala 151, Mew, m'kamalo kochepa kamene kanatsala m'katiriji. Panalibe njira yoyenera yochipezera, koma chinayamba kuonekera kwa osewera ena chifukwa cha zolakwika za m'pulogalamu, ndipo mphekesera zinawanda. Mu April 1996 magazini ya ana ya CoroCoro Comic inalengeza mpikisano woti anthu 20 adzapatsidwe Mew, ndipo anthu pafupifupi 78,000 analembera. Malonda a gemuyi, omwe anayamba mwapang'onopang'ono, anakwera kwambiri pambuyo pake.

Kufalikira kwake

Mu October 1996 ku Japan kunatuluka katiriji yachitatu, Blue, yokhala ndi zithunzi zokonzedwanso. Imeneyi ndiyo inakhala maziko a Red ndi Blue zimene zinatuluka ku North America pa 28 September 1998 ndi ku Ulaya mu 1999. Mayina a zilombo zambiri anasinthidwa kuti amveke m'Chingerezi, koma la Pikachu linatsala momwemo. Magemuwa anamasuliridwanso m'Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana ndi Chisipanishi. Popeza anthu a m'gemumo salankhula ndi mawu koma zonse zimalembedwa pa sikirini, wosewera amafunika kudziwa kuwerenga chinenerocho. Makatiriji a Red, Green ndi Blue onse pamodzi anagulidwa oposa 31 miliyoni.

Makadi osewerera a Pokémon anatuluka mu October 1996, ndipo katuni ya pa wailesi yakanema inayamba pa 1 April 1997. Katuniyi ndiyo inatchukitsa Pikachu, zomwe zinachititsa kuti mu 1998 patuluke Pokémon Yellow, mmene wosewera amayamba ndi Pikachu woyenda pambuyo pake.

Mavuto ndi zotsutsa

Pa 16 December 1997 gawo lina la katuniyi linaonetsa kuwala kofiira ndi kwabuluu kothwanima mofulumira, ndipo anthu 685, ambiri mwa iwo ana, anatengeredwa kuchipatala ku Japan, ena akuchita kugwa ngati akhunyu. Katuniyo inaimitsidwa kwa miyezi inayi. Masukulu ambiri ku America ndi ku Britain analetsa makadi chifukwa cha mikangano ndi kuberana, ndipo mu 2001 dziko la Saudi Arabia linawaletsa ponena kuti amalimbikitsa juga. Magulu ena oteteza nyama anadandaulanso kuti magemuwa amaonetsa kumenyanitsa zolengedwa ngati chinthu chosangalatsa.

Mu 2002 Andrew Balmford wa ku yunivesite ya Cambridge ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ana a sukulu za pulayimale ku Britain. Anapeza kuti ana a zaka 8 ankazindikira zilombo za Pokémon pafupifupi 80 pa 100 zilizonse, koma nyama ndi zomera za kwawo ankazindikira pafupifupi theka lokha. Ofufuzawo anati ana ali ndi luso lalikulu loloweza mitundu ya zamoyo, ndipo oteteza zachilengedwe ayenera kuphunzira mmene Pokémon imawakokera. Mfundoyi ikukhudzanso malo ngati nkhalango ya Ntchisi, yodziwika ndi mbalame ndi agulugufe amitundumitundu, kumene kusamala zamoyozi kumadalira anthu amene akuzidziwa ndi mayina.

Zimene zinatsatira

Pokémon Gold ndi Silver zinatuluka mu 1999 ndipo zinawonjezera mitundu 100. Nkhani ya ku Kanto inapangidwanso mu 2004 ndi mayina akuti FireRed ndi LeafGreen pa Game Boy Advance, komanso mu 2018 pa Nintendo Switch. Pa 27 February 2016, pokumbukira kuti patha zaka 20, Nintendo inatulutsanso magemu oyambirirawo pa Nintendo 3DS. M'chaka chomwecho panatuluka Pokémon Go, yoseweredwa pa foni, imene imafuna kuti munthu atuluke panja ndi kuyenda kuti apeze zilombo. Lero mitundu ya Pokémon yadutsa 1,000.

Makatiriji oyambirira amasunga zimene munthu wasewera pogwiritsa ntchito kabatire kakang'ono kamene kali mkati mwake. Kabatireko kakatha, zilombo zonse zimene munthu anagwira zimafufutika, ndipo osunga makatiriji akale amayenera kukasintha kuti gemuyo iyambenso kusunga.