Kuphikira Ana pa Tsiku la Maseŵero Okumbukira Mbiri

Masukulu ena amakonza tsiku la maseŵero lokumbutsa ana mbiri ya dziko, makamaka pafupi ndi pa 6 July, tsiku limene Malaŵi adalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964. Pa tsikuli ana amathamanga, amakokana chingwe, amaseŵera fulaye, phada ndi nguli, ndipo makolo amapemphedwa kuphika zakudya zamakedzana. Zakudya zimenezi nzabwino kwa mwana wothamanga, koma zifunika ukhondo waukulu. Mphika wa pakhomo ukaipa limadwala ndi banja limodzi, koma wa pasukulu ukaipa umadwala ndi mudzi wonse.

ZAKUDYA ZA MAKOLO

Chimanga sichinali chakudya choyamba cha m'dziko muno. Chidachokera ku America, ndipo chidafika mu Africa chitapita chaka cha 1500, monganso chinangwa, mbatata ndi mtedza. Anthu akale ankadalira mapira ndi maŵere, ndiwo zao zinali khobwe, nzama, nsomba ndi masamba a kutchire. Choncho nsima ya mapira, nzama zophika ndi thobwa la maŵere ndizo zoyenera kwambiri pa tsiku la mbiri.

Chakudya cha mwana chichokere m'magulu onse 6: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, za nyama, zamasamba, zipatso ndi za mafuta. Nsima ya mapira kapena ya mgaiwa, khobwe, usipa, nkhwani wotendera ndi nthochi zikwaniritsa magulu onseŵa, pakuti nsinjiro zili ndi mafuta ambiri. M'mwezi wa July mbatata ndi mtedza sizisoŵa, motero futali ndi wosavuta kukonza. Malambe ndi malalanje amapezekanso nthaŵi yomweyo.

ZOFUNIKA KUSAMALA POKONZEKERA

Mtedza wosinja nsinjiro usankhidwe bwino. Wofota, wakuda kapena wachuku utayidwe, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni woononga chiŵindi, ndipo poizoniyo satha ndi moto. Kumene afuna kuphika kondowole, chinangwa choŵaŵa chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku osachepera 3 mpaka chifeŵe, kenaka chiyanikidwe chiume. Chinangwa choviika mwachangu chimachititsa chizungulire ndi kusanza, ndipo chingathe kupha mwana.

Ophika akhale anthu athanzi. Munthu wotsekula m'mimba kapena wokhala ndi chilonda m'manja asakhudze chakudya. Mafuwa aikidwe kutali ndi zimbudzi ndiponso kutali ndi bwalo la maseŵero, kuti ana othamanga asagwere m'miphika yotentha.

PA TSIKU LA MASEŴERO

Ndiwo ziphikidwe m'maŵa wa tsiku lomwelo, osati chadzulo. Chakudya chopsa chikakhala pamtetete maola opitirira 2, tizilombo toyambitsa matenda timaswana m'menemo ngakhale fungo lisasinthe. Chikhale pamoto kufikira nthaŵi yogaŵa, ndipo miphika ivundikiridwe kuopa ntchentche ndi fumbi la pabwalo.

Ana amwe phala m'maŵa asanayambe mipikisano, ndipo nsima adye atamaliza. Mwana wothamanga atangokhuta amamva kupweteka m'mimba. Madzi akumwa akhale ochuluka, oŵiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Madzi othira mankhwala ayambe akhala mphindi 30 asanamwedwe. Thobwa lisasungunulidwe ndi madzi osaŵiritsa, ndipo potunga mu mtsuko pakhale chikho chimodzi chotungira, china chomwera.

MWAMBO WOSAYENERA KUUBWEREZA

Kale anthu ankasamba m'manja m'mbale imodzi, kuyambira wamkulu kutsirizira mwana. Ana angathe kuuzidwa za mwambo umenewu ngati mbiri, koma asauchite, chifukwa wotsiriza amasamba litsiro la anzake onse. Aliyense athiriridwe madzi ndi kusamba ndi sopo. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi m'chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo mliri wa m'zaka za 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba pambuyo pa phwando, apatsidwe madzi a Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi kupita naye kuchipatala msanga. Akadwala ana angapo amene adadyera pamodzi, aphunzitsi adziŵitse azaumoyo tsiku lomwelo.

Komiti ya sukulu ichita bwino kuitana mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kukali sabata imodzi, kuti aone malo ophikira, madzi ndi zimbudzi. Agogo aphunzitse kaphikidwe ka mapira ndi nzama, mlangizi aphunzitse ukhondo, ndipo ana adzabwerera kwao atadziŵa mbiri yao ali ndi moyo wabwino.